Mphika wadongo wopaka siliva: sefa yabwino, koma siliva si amene amagwira ntchito yaikulu

Aliyense amene anamwapo madzi a mumtsuko amadziwa kuti dongo lowotcha silitsekereza madzi kotheratu. Mtsuko umachita thukuta kunja, n'chifukwa chake madzi ake amazizira. Sefa imene tikuiwunika pano imadalira khalidwe lomwelo la dongo, kungoti oumba amalikulitsa dala. Ndi mphika wa mlomo wotambalala, wolowa malita 8 mpaka 10, umene umakhazikidwa pakamwa pa ndowa yapulasitiki ya malita 20 kapena kuposerapo, yokhala ndi chivundikiro pamwamba ndi kampopi m'munsi. Mukathira madzi mumphika, amalowerera m'khoma lake pang'onopang'ono n'kumadonthera m'ndowa. Mphikawo amaupaka madzi okhala ndi tizidutswa ta siliva tosaoneka ndi maso, ndipo siliva ameneyu ndi amene amalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa mapepala otsatsa malonda.

Maganizo athu tiwanene poyambirira. Sefayi ndi yoyenera kugula ngati banja lanu limamwa madzi a pachitsime chosatetezedwa, a mumtsinje, kapena a pamjigo amene amaipitsidwa panjira ndi posungira. Koma chimene chimasiyanitsa sefa yabwino ndi yachabe si siliva ayi. Ndi kukula kwa timabowo ta m'dongo, liwiro la kudontha kwa madzi, kusakhalapo kwa mng'alu, ndi ukhondo wa ndowa ya pansiyo. Wogula amene wangomva za siliva osafunsa zinayi angathe kupita kunyumba ndi mphika wodontha madzi oyera m'maso koma odzaza tizilombo.

Anayambitsa sefa imeneyi ndi Fernando Mazariegos wa ku Guatemala mu 1981. Inafalikira kwambiri namondwe Mitch atawononga dera la Central America mu 1998, pamene bungwe la Potters for Peace linayamba kuipanga yambiri ku Nicaragua. Ron Rivera wa bungweli anayenda m'maiko ambiri kuphunzitsa anthu kuumba ndi kuwotcha miphikayi mpaka pamene anamwalira ndi malungo mu 2008, atachokera ku Nigeria kumene ankathandiza kukhazikitsa fakitale. Kapangidwe kake sikali m'manja mwa kampani imodzi, motero mumaipeza ndi maina osiyanasiyana: Filtrón ku Nicaragua, Ecofiltro ku Guatemala, Tunsai ku Cambodia, komanso mafakitale a ku Tamale ku Ghana, ku Arusha ku Tanzania, ku Limuru ku Kenya ndi ku Limpopo ku South Africa. Ubwino wake ndi woti aliyense wokhala ndi dongo labwino ndi uvuni angathe kupanga. Kuipa kwake ndi komweko: miphika iwiri yofanana m'maso ikhoza kusiyana kutali pa ntchito.

Kuti mumvetse chifukwa chake, muyenera kudziwa mmene amapangira. Dongo amaliyanika, kulipera ndi kulisefa kuti likhale ufa wosalala. Amalisakaniza ndi utuchi wa macheka kapena mankhusu a mpunga opera, amenenso adutsa pa sefa ya maso a muyeso wodziwika. Poyeza ndi ndowa, dongo ndi utuchi zimakhala pafupifupi theka ndi theka, kapena dongo kuposerako pang'ono, koma fakitale iliyonse imayenera kupeza muyeso wake chifukwa dongo la dambo lina silifanana ndi la dambo lina. Akathira madzi ndi kukanda, amaika mpira wa dongowo m'chikombole n'kuupanikiza ndi jeke. Mphika umauma pamthunzi kwa masiku angapo, kenako umalowa mu uvuni mpaka kutentha kufike pa madigiri 860 kapena 900 a Celsius. Utuchi uja umapsa n'kutha, ndipo pamene unali pamatsala timabowo tokhotakhota tolumikizana. Timabowo timeneti ndiye sefa yeniyeniyo.

Apa ndi pamene zambiri zimalakwika. Utuchi ukakhala wokhakhala, timabowo timakula ndipo mabakiteriya amadutsa. Utuchi ukachepa, madzi sadontha. Kusakaniza kukachitika mothamanga, utuchi umaunjikana malo amodzi ndipo pamenepo pamakhala njira yotakasuka. Moto ukakwezedwa msanga mphika usanaume bwino, umang'aluka ming'alu yopyapyala yovuta kuiona. Moto ukachepa kapena mpweya ukasowa mu uvuni, pakati pa khoma pamatsala mzere wakuda wa makala osapsa. Moto ukapitirira, dongo limayamba kusungunuka n'kutseka timabowo. Fakitale yosamala imataya miphika yambiri ndithu pa uvuni uliwonse, ndipo wogulitsa amene akunena kuti kwawo sataya ngakhale umodzi akukuuzani, mosadziwa, kuti sayesa.

Kuyesa kofunika kwambiri ndi kwa liwiro. Mphika amauviika m'madzi usiku wonse kapena maola 24 kuti mpweya utuluke m'timabowo, kenako amaudzaza n'kuona madzi amene atsika pakatha ola limodzi. Mafakitale ambiri amalandira mphika wotulutsa lita imodzi mpaka malita 2.5, ena mpaka 3, m'ola loyambalo. Wothamanga kuposa apo amauphwanya. Wochedwa kuposa apo amauphwanyanso, chifukwa banja silingapirire sefa yosapereka madzi. Ana akamva ludzu amakatunga mu ndowa ya madzi osasefa. Inunso mungayese kunyumba: nyowetsani mphika usiku, m'mawa udzazeni, ikani ndowa yopanda kanthu pansi, ndipo pakatha ola yezani ndi botolo la theka la lita. Mabotolo awiri mpaka asanu kapena asanu ndi limodzi, zili bwino. Mabotolo khumi, bwezani mphikawo. Pogula, ugogodeni ndi chala: wamphumphu umalira mokweza ndi motalikitsa, wong'aluka umangoti phu. Njira ina ndi kuumiza mphika wouma m'beseni la madzi mpaka pafupi ndi mlomo, madzi osalowa pamwamba, n'kuyang'ana mkati kwa masekondi ochepa. Pakaoneka malo amodzi ponyowa msanga kapena potuluka dontho, pamenepo pali bowo.

Tsopano za siliva. Milimita imodzi ili ndi ma micron 1,000, ndipo micron imodzi ili ndi ma nanomita 1,000. Tizidutswa ta siliva timene amapaka timakhala tochepera ma nanomita 100, tambiri ta ma nanomita makumi ochepa chabe. Chifukwa chogawira siliva motere ndi chakuti mbali yake yokhudzana ndi madzi imakula kwambiri: galamu imodzi ya tizidutswa ta ma nanomita 20 ili ndi malo okhudza madzi okwana pafupifupi masikweya mita 28. Tizidutswati tikakumana ndi madzi okhala ndi mpweya, timatulutsa siliva wosungunuka pang'onopang'ono. Siliva wosungunukayo amamatirira ku mapuloteni a bakiteriya, makamaka pamene pali salufa, n'kusokoneza kapumidwe kake ndi kuwononga khungu lake. Muyeso wodziwika wa Potters for Peace ndi mamililita 2 a madzi a siliva a 3.2 peresenti osungunulidwa m'madzi oyera okwana pafupifupi kapu imodzi, opakidwa ndi burashi mkati ndi kunja komwe. Ndiye kuti mphika wonse uli ndi siliva wa mamiligalamu 64 okha. Mafakitale ena amagwiritsa ntchito silver nitrate, mchere wa siliva wosungunuka m'madzi, chifukwa ndi wotchipa ndi wosavuta kupeza, koma ameneyu amakokoloka msanga m'masabata oyamba kuposa tizidutswa tija.

Kodi siliva amagwiradi ntchito? Amagwira, koma mochedwa. Dontho la madzi silikhala m'khoma la mphika nthawi yokwanira kuti siliva aphe tizilombo tonse timene tapulumuka. Kafukufuku wa akatswiri a ku Delft ku Netherlands, wofalitsidwa mu 2014, anayerekeza miphika yopaka siliva ndi yosapaka kwa nthawi yaitali, ndipo anapeza kuti podutsa m'khoma mwenimwenimo kusiyana kunali kochepa. Phindu la siliva linkaoneka madzi akakhala maola angapo m'ndowa ya pansi, mmene siliva wokokolokayo amapitiriza kupha mabakiteriya. Zimenezi zili ndi tanthauzo pa kagwiritsidwe ntchito: madzi amene adontha usiku n'kugona m'ndowa ndi otetezeka kuposa amene mwatchera kapu n'kumwa pompo. Dzazani mphika madzulo, imwani m'mawa. Ntchito ina ya siliva ndi kuchepetsa ndere ya mabakiteriya imene imamera m'timabowo ndi pakhoma la ndowa. Ndi thandizo lenileni, koma ndi lothandizira chabe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization (WHO), mu lipoti lake la 2018 lokhudza siliva, silinavomereze kuti siliva payekha adaliridwe ngati mankhwala ophera tizilombo m'madzi akumwa.

Ena amaopa kuti siliva adzawadwalitsa. Munthu akamwa siliva wochuluka kwa zaka zambiri, khungu lake limasanduka lotuwa mobiriwira ndipo silibwereranso. Koma mlingo umene WHO imati munthu angamwe moyo wake wonse popanda vuto ndi mamiligalamu 0.1 pa lita, ndipo mphika wopakidwa mwa muyeso umatsika pansi pa mlingowu ukangotsukidwa koyamba. N'chifukwa chake madzi a maulendo awiri kapena atatu oyamba muyenera kuwataya. Amakhala ndi fungo la dothi, siliva wochulukirapo, ndipo pa dongo la madera ena, monga zinaonekera ku Cambodia, amakokololanso arsenic, poizoni wopezeka m'nthaka ina. Musamwe, musaphikire.

Nanga chimachoka n'chiyani m'madzi? Mazira a njoka zam'mimba ndi aakulu kwambiri, sadutsa. Pa tizilombo totsekula m'mimba tokulirapo kuposa mabakiteriya, Giardia ndi wa ma micron 8 mpaka 12, Cryptosporidium wa ma micron 4 mpaka 6. Onsewa amakodwa bwino, ndipo apa sefa imaposa klorini, chifukwa Cryptosporidium safa ndi klorini wa muyeso wa kunyumba. Mabakiteriya monga E. coli (wosonyeza kuti madzi akhudzana ndi chimbudzi) ndi a kolera ndi a micron imodzi mpaka atatu m'litali. Ena amakodwa m'makhotakhota, ena amamatirira ku dongo, ndipo mphika wabwino umachotsa pafupifupi 99 pa 100 aliwonse, nthawi zina kuposerapo. Mavairasi ndiye vuto. Rotavirus, amene amatsekula m'mimba ana ambiri, ndi wa ma nanomita pafupifupi 70. Vairasi ya hepatitis A, yoyambitsa chikasu, ndi ya ma nanomita pafupifupi 30. Timabowo ta mphika tikula kuposa apo maulendo makumi ambiri, ndipo siliva sawagonjetsa kwenikweni. Pa muyeso wa WHO wa zipangizo zoyeretsera madzi kunyumba, chipangizo chimafunika kuchotsa mavairasi 999 pa 1,000 aliwonse kuti chitchedwe choteteza mokwanira, ndipo mphika wadongo sufikapo.

Chiwerengero cha 99 pa 100 chimamveka chachikulu, koma chiwerengereni bwino. Madzi a mumtsinje nthawi ya dzinja akakhala ndi E. coli 1,000 m'mamililita 100, akadutsa mumphika amatsala 10. Mlingo wa madzi akumwa ndi woti asapezeke ngakhale mmodzi m'mamililita 100. Kwa munthu wamkulu wathanzi kusiyana kwa 1,000 ndi 10 ndi kwakukulu zedi, ndipo kafukufuku wa Joe Brown ndi Mark Sobsey ku Cambodia anapeza kuti mabanja ogwiritsa ntchito miphikayi ankanena za kutsekula m'mimba kochepa ndi pafupifupi theka poyerekeza ndi anzawo. Tiyenera kuwonjezera kuti pa kafukufuku wotere anthu amadziwa kuti apatsidwa sefa, zomwe zimatha kukometsa mayankho awo. Komabe kwa khanda, kwa mayi woyembekezera, kwa munthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika, 10 otsalawo si ochepa.

Ndiye pa nthawi ya mliri musadalire mphika wokha. Kolera imene inayambira ku Machinga mu Marichi 2022 inadwalitsa anthu oposa 58,000 m'Malawi ndi kupha oposa 1,700. M'nyengo yotere sefani kaye, kenako thirani klorini. Dongosolo lake ndi lofunika kwambiri, ndipo anthu ambiri amalitembenuza. Klorini asalowe mumphika. Akachuluka angathe kudya tizidutswa ta siliva n'kutikokolola msanga, ndipo mphika ungatsale wopanda chitetezo chake chachiwiri. Tungani madzi osefedwa pa kampopi kuthira m'chigubu china choyera cha malita 20, thiranimo WaterGuard chivundikiro chimodzi kapena klorini wa alangizi a zaumoyo pa muyeso umene akuuzani, khutchumulani, dikirani mphindi 30. Mwanjira imeneyi klorini amagwira bwino koposa chifukwa matope amene amamuwononga achoka kale, ndipo amamaliza mavairasi amene mphika walephera. 

Pali zina zimene sefayi sikhudza n'komwe, ndipo wogulitsa woona mtima ayenera kunena. Mchere wa m'mijigo ina ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje umadutsa wonse. Fuloraidi amene amadetsa mano a ana m'madera ngati Nathenje ku Lilongwe amadutsanso. WHO imati asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita, ndipo mphika sutsitsa mlingowu. Zotsalira za feteleza ndi mankhwala a m'munda nazo zimadutsa. Chilichonse chosungunuka m'madzi sichisefeka ndi timabowo.

Pa kagwiritsidwe ntchito ka tsiku ndi tsiku, liwiro limatsika madzi akamachepa mumphika, chifukwa kulemera kwa madzi ndiko kumawakankha. Malita awiri a ola loyamba satanthauza kuti malita 8 atha m'maola anayi. Theka lomaliza limachedwa kwambiri. Mukamawonjezera madzi kawiri kapena katatu patsiku mumapeza okwanira kumwa banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, koma osati osamba kapena kuchapira. Madzi amatope amatseka timabowo m'masiku ochepa. Asiyeni adikhe kaye m'ndowa ina, tsanulani a pamwamba kudzera pa nsalu yoyera yopinda kangapo, ndipo ngati ndi ofiira kwambiri, ufa wa njere za chammwamba umathandiza kugwetsa matope musanasefe.

Zolakwika zambiri zimachitika pa tsiku lotsuka, ndipo apa tichedwepo. Mkati mwa mphika ndi mbali yakuda, kunja kwake ndi mbali yoyera. Chilichonse chokhudza kunjako chimalowa m'madzi anu akumwa. Sambani m'manja ndi sopo, nyamulani mphika pa mlomo pokha, uikeni pa mbale yotsukidwa bwino, osati pansi kapena pa mphasa. Kwechani mkati ndi burashi yofewa yosungidwira ntchito imeneyi yokha, pogwiritsa ntchito madzi osefedwa kale. Sopo asakhudze dongo, chifukwa amalowa m'timabowo ndipo madzi amamveka sopo kwa masiku ambiri. Sitilu wulo ayi, mchenga ayi: zimapala khoma n'kulipyapyalitsa. Kunja kwa mphika musakweche. Ndowa ya pansi, chivundikiro ndi kampopi ndizo zofuna sopo kapena madzi a klorini. Tsukuluzani ndi madzi osefedwa, zisiyeni ziume zokha, musapukute ndi nsalu ya m'khitchini. Musatsuke kawirikawiri. Nthawi iliyonse mukanyamula mphika mumauika pa ngozi yosweka ndi yodetsedwa, motero dikirani mpaka kudontha kutachepa moonekeratu. Pa madzi oyera bwino kamodzi pamwezi n'kokwanira.

Njira zina zimene madzi oyera amaipira ndi zazing'ono koma zobwerezabwereza. Kudzaza mphika mpaka kusefukira kumachititsa madzi osasefa kutsetsereka pa mlomo n'kugwera m'ndowa. Kusiya ndowa idzaze mpaka pansi pa mphika pamire kumaimitsa kusefa. Kampopi kotayikira pa labala yake kamaitana manja ndi nsanza zomangira. Ana amayamwa pa kampopi. Kapu yomwera imatsukidwa ndi madzi osasefa. Ikani sefa pa tebulo kapena pa thandala lolimba, pamthunzi, pamene mbuzi ndi nkhuku sizifika ndipo mwana sangaikoke. Kafukufuku wa ku Cambodia uja anapezanso kuti mwezi uliwonse mabanja pafupifupi 2 pa 100 ankasiya kugwiritsa ntchito sefa zawo, makamaka chifukwa cha kusweka kwa mphika kapena kampopi.

Poyerekeza ndi zinzake za siliva: masefa a kandulo (osefera ooneka ngati kandulo), monga a Tulip, amaumbidwa ku fakitale ndi timabowo tofanana kwambiri kuposa mphika, ndipo ndi opepuka kunyamula, koma kandulo ikatha mumadikira yochokera kunja. Palinso MadiDrop, kachidutswa ka dongo lowotcha kokhala ndi siliva mkati, kamene kanapangidwa ndi akatswiri a ku University of Virginia mogwirizana ndi ntchito yawo ya ku Limpopo. Kameneka mumangokaponya m'chigubu cha malita 10 mpaka 20 n'kukasiya usiku wonse. Ndi kosavuta ndipo sikasintha kakomedwe ka madzi, koma sikasefa kanthu: matope amakhala momwemo, ndipo kakudalira siliva yekha, amene tanena kale malire ake. Ntchito yake yabwino ndi kuteteza madzi oyera kale kuti asaipe posungidwa. Pa madzi a pachitsime cha m'dambo, mphika ukuposa.

Mtengo wa sefa yonse m'maiko opanga umakhala kawirikawiri pakati pa madola 10 ndi 30 a ku America, ndipo gawo lalikulu ndi la ndowa, kampopi ndi mayendedwe, osati la dongo kapena siliva. Sifuna magetsi, sifuna nkhuni, ndipo madzi ake sanunkha mankhwala, chomwe ndi chifukwa chachikulu chimene anthu amapitirizira kuigwiritsa ntchito pamene klorini amusiya. Opanga ambiri amati mphika usinthidwe pakatha zaka ziwiri, ngakhale usanasweke, chifukwa siliva amakhala atachepa ndipo khoma latha ndi kukwecha. Ndowa imakhala zaka zambiri kuposa apo.

Musanapereke ndalama, funsani wogulitsa zinthu izi: mphikawu unayesedwa liwiro, ndipo unatulutsa malita angati pa ola? Uli ndi nambala kapena chidindo cha fakitale chosonyeza uvuni umene unachokera? Madzi ake anayesedwapo E. coli ku labotale, ndipo pepala la zotsatira lilipo? Anapaka siliva wa mtundu uti? Ndipo koposa zonse, mphika wokha wopanda ndowa, ndi kampopi kapadera, mudzazipeza kuti ndipo pa mtengo wanji? Lembani tsiku logula pa ndowa ndi cholembera chosafufutika, ndipo bwerezani kuyesa kwa botolo la theka la lita miyezi itatu iliyonse. Liwiro likatsika, kwechani mkati. Likakwera mwadzidzidzi musanakweche, mphika wang'aluka. Lekani kumwa madzi ake tsiku lomwelo, ndipo musayese kumata mng'aluwo ndi simenti, phula kapena guluu.